Asanapale Hedi ya Injini, Mufunseni Kuti Ayeza Bwanji

Amene munakwerapo minibasi kuchoka pa Mzimba boma kupita ku Mzuzu mukudziwa zimene zimachitika galimoto ikalowa mu msewu wa M1 n'kuyamba kukwera mapiri a Viphya kulowera ku Chikangawa. Dalaivala amatsitsa giya, injini imayamba kubuula, kondakitala amangoyang'ana kunja ngati nkhaniyo sikumukhudza. Ndiye wina kumbuyo amaponya mawu: "Yatha iyi, adada, kagulitseni." Nthawi zina imakhala yathadi. Koma nthawi zambiri injiniyo ilibe matenda. Ikungobanika basi.

Kubanika kumeneku ndi kumene kunalowetsa msuweni wanga m'mavuto. Iye amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Jenda ndi Embangweni, ndipo njingayo anaigula ndi ngongole. Inayamba kufooka pa zitunda. Mnzake wina amene anali atangobwera kumene ku Joni anamuuza kuti kumeneko anyamata a mipikisano ya galimoto amapala m'kati mwa hedi ya injini kuti mpweya uzilowa wambiri, ntchito imene amaitcha porting. Msuweni anamasula hedi, n'kukapereka kwa munthu wina amene anali ndi galainda ndi mawu okoma. Inabwerako ikunyezimira ngati mbale yatsopano, mabowo atakula. Pa msewu wosalala, ali yekha, njinga inkalira mokweza zedi. Atangokweza mayi wina ndi thumba la chimanga, inakana kunyamuka bwino, ndipo petulo ankatha msanga kuposa kale. Pomaliza anagula hedi ina, ngongole yoyamba ija isanathe.

Sikuti porting ndi bodza ayi. Ndi ntchito yeniyeni ndipo akatswiri amapeza nayo mphamvu zowonjezera. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mabowo aakulu anafooketsa njinga m'malo moilimbitsa? Yankho lake lili mu Physics yomweyi mukuphunzira m'kalasi.

Injini imapuma

Injini zambiri za galimoto ndi njinga zamoto zimayenda pa masitepe anayi, njira imene Nikolaus Otto anaikhazikitsa ku Germany mu 1876. Pisitoni imatsika, mpweya wosakaniza ndi petulo umalowa. Pisitoni imakwera, n'kupanikiza mpweyawo. Pulagi imathetheka, moto umayaka, pisitoni imakankhidwa pansi mwamphamvu. Kenako imakweranso kutulutsa utsi. Pa masitepe anayiwo, imodzi yokha ndiyo imapereka mphamvu.

Anthu ambiri amaganiza kuti chakudya chachikulu cha injini ndi petulo. Tiyeni tiwerengere. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.74, ndiye imafuna mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 11. Mpweya ndi wopepuka: m'mphepete mwa nyanja yamchere, malita 1,000 amalemera makilogalamu 1.2 okha. Mukagawa mupeza kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Ndi madiramu 45 a malita 200 amenewo, pa botolo limodzi la petulo! Ndipo mu mpweya wonsewo, okosijeni amene amayatsa moto ndi magawo 21 okha pa 100 alionse.

Kuthira petulo wambiri n'kosavuta. Chovuta ndi kulowetsa mpweya. Ndipo nthawi yake ndi yochepa kwambiri. Injini imene ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi imazungulira ka 50 pa sekondi, ndiye pisitoni imatsika kamodzi mu masekondi 0.01. Njinga yamoto ikafika pa 6,000, nthawiyo imatsika kufika pa 0.005. Simungaphethire n'komwe.

Mpweya wonsewu umadutsa mu hedi. Hedi, kapena kuti silinda hedi, ndi chivundikiro cha chitsulo kapena aluminiyamu chimene chimamangidwa pamwamba pa masilinda, pakati pake pali gasiketi. M'kati mwake muli mipita yokhota ngati ya mbewa: wina wolowetsa mpweya, wina wotulutsa utsi. Kumapeto kwa mpita uliwonse kuli vavu, kachitseko kooneka ngati bowa kamene kamatseguka ndi kutsekeka. Porting ndiye kupala ndi kukonza maonekedwe a mipita imeneyi.

Chimene galainda singasinthe

Apa gwirani bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera. Timakonda kunena kuti injini imayamwa mpweya. Zoona zake n'zakuti pisitoni ikatsika imangosiya malo, ndipo mpweya wakunja ndi umene umadzikankha kulowa chifukwa cha pulesha yake. Pulesha yakunja ikachepa, wolowanso umachepa.

Pa nyanja yamchere pulesha ya mpweya ndi pafupifupi 101 kPa. Mzimba boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,350, ndipo pamenepa pulesha imatsika kufika pafupifupi 86 kPa. Silinda imadzazabe, koma ndi mpweya wopepuka, wa okosijeni wochepa. Akatswiri a injini ali ndi kawerengedwe kachidule: injini yopanda tebo imataya mphamvu pafupifupi magawo 3 pa 100 pa mamita 300 alionse amene yakwera. Pa Mzimba boma ndiye kuti yataya kale magawo 13 kapena 14. Ku Chikangawa, komwe n'kokwera kuposa apa, imatayanso ena, pomwe ikufunika kukoka anthu ndi katundu pa chitunda. Galimoto yomweyo ikatsikira ku Nkhata Bay, kumene nyanja yathu ili pa mamita osafika 500, imakhala ngati yamwa mankhwala. Mu Okutobala, mpweya wotentha umapepukanso, zinthu n'kuipiraipira.

Chodabwitsa n'chakuti mnzake wa msuweni uja akanatha kuzidziwa zimenezi, pakuti Johannesburg ili pamwamba kuposa Mzimba, pa mamita pafupifupi 1,750, ndipo madalaivala akumeneko amadziwa kuti galimoto yawo imakoka bwino ikatsikira ku Durban.

Palibe kupala kumene kungabweze pulesha imene phiri latenga. Chimene chimatha kutero ndi tebo, imene imapopera mpweya mu injini mokakamiza. Porting imangochepetsa zopinga panjira.

Chifukwa chake kukula si kupambana

Zopingazo zilipodi. Hedi imapangidwa pothira chitsulo chosungunuka mu chikombole, ndipo m'mipita mumatsala timizere, timabampu, ndi malo amene mpita sukumana bwino ndi mpando wa vavu. Mpweya wothamanga ukagunda pamenepo umasokonezeka, umazungulirazungulira, ngati madzi a mtsinje akakumana ndi mwala. Katswiri amachotsa zimenezi mosamala. Phindu lalikulu limapezeka pa kadera kakang'ono, kumbuyo kwenikweni kwa vavu ndi pa mpando wake, chifukwa ndi pamene njira imapanikizika kwambiri. N'chifukwa chake odziwa ntchito amadula mpando wa vavu m'makona atatu, kawirikawiri madigiri 30, 45 ndi 60, kuti mpweya ukhote pang'onopang'ono m'malo mothyoka kamodzi. Kukamwa kwa mpita, kumene maso amaona ndi kumene galainda imafika mosavuta, nthawi zambiri si kumene kuli vuto.

Tsopano ganizirani paipi yothirira dimba. Mukatseka theka la kukamwa kwake ndi chala, madzi amathamanga. Mukachotsa chala, amayenda mwaulesi. Madzi ndi omwewo, koma njira ikakula liwiro limatsika. Mpweya mu mpita umachitanso chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti mpita wa njinga unali wa mamilimita 22 m'mimba mwake, munthu n'kuukulitsa kufika 26. Zikuoneka ngati zochepa, mamilimita 4 okha. Koma malo a bwalo amayendera sikweya: 22 kuchulukitsa ndi 22 ndi 484, pomwe 26 kuchulukitsa ndi 26 ndi 676. Mpita wakula ndi magawo 40 pa 100. Ngati pisitoni ikufuna mpweya womwewo, liwiro lake latsika ndi magawo pafupifupi 28.

Nanga liwirolo ndi la chiyani? Mpweya uli ndi kulemera, ndipo chinthu cholemera chikathamanga sichiima msanga. Opanga injini amagwiritsa ntchito khalidwe limeneli mochenjera: vavu yolowetsa mpweya sitseka pisitoni ikangofika pansi, imakhalabe yotseguka kwa kanthawi pisitoni itayamba kale kukwera. Ngati mpweya ukubwera ndi liwiro, umapitirizabe kudzipanikiza kulowa, silinda n'kudzaza bwino. Zili ngati ana a sukulu akuthamangira m'holo mvula itayamba: ngakhale m'kati mwadzaza, akumbuyo amakankhabe. Koma ngati mpweya ukubwera mwaulesi, pisitoni yokwera ija imaubweza kunja kudzera pa vavu yomweyo. Silinda imatseka isanakhute.

Galimoto ya mpikisano imakhala nthawi yambiri injini ikuzungulira mothamanga kwambiri, ndiye ngakhale mpita waukulu umakhala ndi mpweya waliwiro. Kabaza wonyamula mayi ndi thumba la chimanga pa msewu wa fumbi amafuna mphamvu injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Msuweni anagula mankhwala a matenda a munthu wina.

Kunyezimira kuja nakonso kunamupusitsa. Mu injini ya kabuleta, petulo amayenda mu mpita ngati timadontho ting'onoting'ono touluka ndi mpweya. Mpweya ukachepa liwiro, timadontho timagwera pa khoma, ndipo pa khoma losalala ngati galasi timasonkhana n'kumayenderera ngati mame pa lata. Petulo wotero sapsa bwino. Ndiye akatswiri ambiri amasiya mpita wolowetsa mpweya uli wokhakhala pang'ono, n'kusalaza kwambiri wa utsi wokha kuti mwaye usamamatire. Munthu akakuonetsani hedi yonyezimira ngati umboni wa luso lake, wakuonetsani chinthu chimene maso amakonda, osati chimene injini imafuna.

Pa dizilo nkhani ndi yoopsa kuposa pamenepa. Malole onyamula matabwa ku Chikangawa ndi zigayo zambiri za kumidzi zimayendera dizilo. Injini ya dizilo ilibe pulagi yothetheka: mafuta amapoperedwa mu mpweya umene watentha chifukwa chopanikizidwa, ndipo ayenera kusakanikirana nawo m'kanthawi kochepetsetsa. Pofuna kuthandiza zimenezi, injini zambiri za dizilo zili ndi mpita wopindika dala kuti mpweya ulowe ukuzungulira ngati kamvuluvulu. Wosadziwa amaona kupindikako ngati cholakwika, n'kuwongola. Zotsatira zake ndi utsi wakuda bii ndi chigayo chomwa dizilo ngati chili ndi ludzu.

Pali china. Mu injini zoziziritsidwa ndi madzi, monga za minibasi, madzi a rediyeta amadutsa m'kati mwa hedi, ndipo pakati pa madziwo ndi mpita pali khoma la mamilimita ochepa chabe. Ukapala mopitirira, waboola. Nthawi zina silibooka tsiku lomwelo, limangopyapyala, n'kudzang'aluka injini itatentha pa chitunda. Madzi akalowa, ekizozi imatulutsa utsi woyera, ndipo akafika ku oyilo, oyiloyo amaoneka ngati tiyi wamkaka.

Kusikima ndi nkhani ina

Ntchito ya pa hedi imene imachitika kwambiri kwathu kuno si porting, ndi kusikima. Injini ikawira, hedi imatha kupindika pang'ono, gasiketi n'kuyamba kutaya. Amaipititsa pa makina amene amasenda nkhope yake yapansi kuti ikhalenso yowongoka. Kupindika kwake sikuoneka ndi maso. Amaika chitsulo chowongoka pa hedi n'kulowetsa timapepala tachitsulo toyezera pansi pake, ndipo mabuku ambiri a opanga galimoto amalola mpata wa pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.1 basi. Kumeneko ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Koma kusikima kumachepetsanso kachipinda koyakira moto. Tiyerekeze silinda ya petulo imene pisitoni yake imasesa 500 cc, ndipo pamwamba pamatsala 55 cc. Kupanikiza kwake ndi 555 kugawa ndi 55, yankho 10.1. Ngati silindayo ndi ya mamilimita 86 m'mimba mwake, kusenda theka la milimita kumachotsa pafupifupi 2.9 cc, ndiye kupanikiza kumakwera kufika pa 10.6. Kukwera pang'ono kumawonjezera mphamvu. Kukapitirira, mbali ina ya petulo imaphulika yokha moto wa pulagi usanaifikire, injini n'kumagogoda, ndipo kugogoda kumeneko kumadya pisitoni. Hedi iliyonse ili ndi malire a kusenda. Yogula kale kwa wina mwina inasikimidwapo kawiri inu osadziwa.

Ndiye mungamudziwe bwanji woyenera?

Mwina mukuti, ife ndi ana a sukulu, tilibe galimoto. Zoona. Koma ambiri a inu kwanu kuli njinga ya kabaza, chigayo, kapena kagalimoto kamene amalume anabwera nako kuchokera ku Joni, ndipo fizi yanu imachokera pomwepo. Tsiku lina hedi idzamasulidwa, n'kukulungidwa mu saka kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe kumene kuli makina, ndipo wina m'banjamo ayenera kudziwa zofunsa.

Kwa ine, chizindikiro choyamba cha katswiri ndi chakuti iyeyo ndi amene amayamba kukufunsani. Injiniyi imagwira ntchito yanji? Imanyamula zolemera bwanji? Inawirapo? Sefa ya mpweya munaisintha liti? Amene wangolandira hedi n'kutchula mtengo osafunsa kalikonse, mtsanzikeni mwaulemu.

Chachiwiri ndiye mutu wa phunziro lathu: ayeza bwanji? Kumene porting imachitika mwaukadaulo amagwiritsa ntchito makina otchedwa flow bench. Amamangirira hedi pa makinawo, n'kukoka mpweya kudzera mu mpita, vavu atatsegula pa milingo yosiyanasiyana, n'kulemba kuchuluka kwa mpweya wodutsa. Amayeza asanapale, amayezanso atapala. Kuti manambala afanizidwe, kusiyana kwa pulesha kumasungidwa pamodzimodzi, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito mainchesi 28 a madzi, amene ndi masentimita 71, pafupifupi 7 kPa. Mainchesi a madzi? Eya. Ndi manomita yomwe ija ya mu Physics, paipi yopindika ngati U yokhala ndi madzi m'kati. Chimene mumajambula pokonzekera MSCE ndi chimene chili pa mtima pa makina a akatswiri a mipikisano.

Makina otere ndi odula ndipo si galaja iliyonse ili nawo. Kusakhala nawo si mlandu. Mlandu ndi kukulitsa mipita popanda njira yodziwira ngati zathandiza. Makaniko woona mtima amene alibe flow bench adzanena kuti, "Ine ndichotsa timabampu tokha, ndikonza mipando ya mavavu, kukula kwa mpita sindikhudza." Ameneyo mungamukhulupirire kuposa wolonjeza kuti galimoto iziuluka.

Ndipo pali zambiri zimene zimayezeka ndi zipangizo wamba. Kuwongoka kwa hedi tanena kale. Ngati mavavu akutseka bwino, amaona pothira parafini mu mpita mavavu ali otseka: akadontha mbali inayo, ndiye kuti pulesha nayonso imathawira pomwepo. Kukula kwa kachipinda koyakira moto amayeza ndi sirinji ndi kagalasi kapulasitiki koboola pakati, ndipo pa injini ya masilinda anayi manambala anayiwo ayenera kufanana. Gwedezani vavu ili m'malo mwake: ikamagwedera kwambiri m'mbali, njira yake yatha, ndipo kupala mipita kuli ngati kupaka laimu nyumba yopanda denga. Pemphani kuti manambala onsewa alembedwe papepala, a poyamba ndi a pomaliza. Wodziwa ntchito sakwiya ndi pempho limeneli.

Funsaninso kuti akamaliza atsuka bwanji. Kupala kumasiya tizitsulo ndi mchenga wa mwala wonolera, ndipo zikatsalira m'tinjira ta oyilo zimakadya maring'i ndi mabeyaring'i. Kenako pitani pa siteji mukafunse madalaivala amene anagwiritsapo ntchito munthuyo, osati sabata yatha, koma miyezi ingapo yapitayo. Injini yongomangidwa kumene imamveka bwino ili yonse. Mtengo muuone pomaliza, ndipo powerengera muphatikizepo masiku amene galimoto idzakhale itaima ngati ntchito yalakwika.

Amene mumakonda zoterezi, dziwani kuti ndi ntchito yophunzirika. Ku Mzuzu Technical College ndi m'makoleji ena a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA amaphunzitsa umakaniko, ndipo masamu a tizigawo ta milimita amene ena mumawathawa ndi amene amasiyanitsa katswiri ndi womenya ndi hamala.

Za msuweni uja, vuto lenileni linadziwika pomanga hedi yatsopano. Makaniko wina wachikulire anatsegula bokosi la sefa ya mpweya n'kupeza siponji itauma gwa ndi fumbi la msewu wa ku Embangweni. Matapeti nawo anali asanasetedwepo chigulireni njinga. Mpweya unkatsamwa usanafike n'komwe mu mpita umene unapalidwawo. Hedi yonyezimira ija tsopano amatsekerezera chitseko cha khitchini kuti mphepo isamachimenyetse.

Yesani izi m'kope mwanu. Injini ya minibasi ya malita 2 ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, ndipo kumbukirani kuti silinda iliyonse imakoka mpweya kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Ngati masilinda akudzaza bwinobwino, ndi malita angati a mpweya amene akudutsa mu hedi pa sekondi imodzi? Mukapeza, werengerani kulemera kwa mpweyawo pa nyanja yamchere, kumene lita imodzi imalemera magalamu 1.2, ndi pa Mzimba boma, kumene imalemera pafupifupi magalamu 1.05. Pomaliza gawani mayankho awiriwo ndi 14.7, muone petulo amene injiniyo ingathe kuwotcha pa sekondi m'malo awiriwa.